Tsache la m'Holo ya Don Eulogio

Ine ndimalowa anthu akatuluka.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikusesa holo iyi
pamsewu wotsetsereka wa ku Valparaíso,
kumene nyumba zimagwirana mapewa kuti zisagwere m'nyanja.
Mafilimu sindionera kawirikawiri. Ndimawawerenga pansi.

Mbuliwuli zomwazika pansi pa mpando:
munthu anadzidzimuka.
Chikho chodzaza, chosakhudzidwa:
anaiwala ludzu.
Kansalu konyowa ndi misozi pamzere wachisanu ndi chiwiri,
koma mpando woyandikana nawo ndi wozizira,
mwini wake anachoka nkhani ili pakati
atang'amba tikiti pawiri.
Filimu imodzi, usiku umodzi,
anthu awiri ogundana zigongono.

Don Eulogio, mwini holo, ali ndi nthenda yake.
Amafuna filimu yoti pasapezeke woinyoza ngakhale mmodzi.
Anabweretsa ya nthabwala,
Fresia wogulitsa maluwa anati nthabwala zake n'zachibwana.
Anabweretsa ya chikondi,
Rigoberto wa kudoko anagona, n'kuliza mkonono
mpaka mtsikana wa pachinsalu anaoneka ngati akulirira phokosolo.
Ya nkhondo inadzaza holo,
koma mayi Nélida, amene mwana wawo sanabwereko ku usilikali,
anaima pakhomo n'kufunsa ngati ndalama imabwezedwa.
Ngakhale ya kagalu kosochera.
Bambo wina anati iye amakonda amphaka.

Kenako m'chipinda chapansi, m'bokosi la dzimbiri,
anapeza kanema wakale wa mzinda wathu womwewu,
wojambulidwa ndi munthu wosadziwika tsiku la msika.
Wopanda nkhani, wopanda mawu.
Doko, masitepe, zikepe zokwera phiri, asodzi, mvula.
Anandigwira mkono: Ernestina, tapeza!
Ndani angadane ndi nkhope yake yomwe?

Usiku umenewo ndinaima kumbuyo, tsache lili m'manja.
Anthu analoza, anakuwa mayina.
Nkhalamba ina inaona mchimwene wake ali moyo,
atasenza dengu la nsomba, akuseka kwa masekondi anayi,
ndipo inachonderera kuti abwezenso pamenepo.
Koma Fresia anadzuka mwakachetechete.
Anaona bambo ake pakona pa sitolo ya buledi
atagwira dzanja la mkazi amene sanali mayi ake.
Mnyamata wina anayasamula, kuwala kwa foni kuli pachibwano.
Wina anati phiri lakwawo analijambula moipa,
ngati kwa amphawi,
mnzake anayankha kuti kunalidi kwa amphawi,
ndipo mkanganowo anakautsirizira panja, pamvula.

Ine ndinaona masitepe amene ndinkakwera ndili mwana
nditanyamula zovala za anthu ena zochapa.
Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamukonda kanemayo.
Ndimangodziwa kuti mawondo anandipweteka.

Don Eulogio anakhala pakhomo, chipewa chili pabondo.
Ndinafuna kumuuza kuti filimu ndi theka chabe,
theka linalo aliyense amabwera nalo m'thumba la jekete
pamodzi ndi makiyi ndi mankhwala a mutu,
ndipo pakhomo palibe amene amasecha matumba.
Ndinafuna kumuuza kuti mdima ndi umodzi
koma maso amalowamo atadya kale zosiyana.
Sindinanene. Si ntchito yanga.

Ndinasesa.
Pansi pa mpando wa Fresia panali duwa lofiira, lopondedwa.
Pansi pa wa nkhalamba ija panalibe kanthu,
ngakhale matope a nsapato,
ngati mapazi ake sanakhudze pansi usiku wonse.

Mawa kuli ya zilombo zochokera kumlengalenga.
Don Eulogio wamata kale chithunzi pawindo,
wabwerera m'mbuyo masitepe atatu, wapendeka mutu,
wayambanso kunena kuti mwina iyi.
Ine ndagula tsache latsopano.